"Giyabokosi yapita iyi, Madam": tisanatulutse ndalama, tiyambe tafunsa

Asisi, lero tikambe za galimoto. Inde, galimoto. Khalani nafe mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ikukhudza ndalama zathu.

Mwina zinakuchitikiranipo. Muli pa mdipiti wa magalimoto m'mawa, kaya ndi pa Chipembere Highway kaya pa mlatho wa Lilongwe. Kutsogolo kwatseguka, mwaponda moto, injini yalira kwambiri koma galimoto ikungokwawa. Kenako gu! Yalowa giya ngati wina wakugundani kumbuyo. Mwafika ku galaja mtima uli m'mwamba. Makaniko sanatsegule n'komwe boneti, wangoiyendetsa pang'ono, n'kubwera akupukusa mutu: "Giyabokosi yapita iyi, Madam. Pakufunika ina." Ndiye amawonjezera kafunso kaja timakadziwa tonse: "Abambo ali kuti, tikambirane nawo?"

Zinamuchitikira mmodzi wa ife. Galimoto yake ndi Corolla yakale, anaigula ndi ngongole ya banki m'khonde, ndipo ndi imene amanyamulira makeke a maoda ake. Inayamba kuchedwa kulowa giya m'mawa, ndipo pa mtunda imangolira osakoka. Ku galaja ina anamutchulira mtengo wa giyabokosi wofanana ndi lendi ya miyezi ingapo. Anatsala pang'ono kupita kwa akatapila. Mwamwayi anaganiza zokamva kwina. Makaniko wachikulire anayamba ndi kusolola dipstick, n'kupeza kuti oyilo watsika kwambiri. Atalowa pansi anapeza kuti akudontha pa kalabala kotseka pamene shafiti yopita ku tayala imalowera m'bokosi. Anasintha kalabalako, n'kuthira oyilo woyenera. Galimotoyo ikuyendabe mpaka lero ndi giyabokosi yake yomwe ija.

Sitikunena kuti amakaniko onse ndi akuba, ayi. Alipo ambiri okhulupirika, ndipo giyabokosi imafadi. Chomwe tikunena n'chakuti mawu oti "yafa" ayenera kukhala omaliza, osati oyamba. Pali zinthu zingapo zotchipa zomwe zimafunika kuonedwa kaye, ndipo zambiri mwa izo tikhoza kuziona tokha kapena kuimirira pomwepo zikamaonedwa. Tinakula tikuuzidwa kuti za pansi pa boneti ndi za amuna. Kusadziwa kumeneko lero tikukulipira ndi ndalama zathu zomwe.

Choyamba, dziwani kuti galimoto yanu ili ndi giyabokosi ya mtundu wanji. Ambirife timayendetsa ma ex-Japan omwe anayenda kale zaka zambiri asanatsike pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Onse timangowatchula kuti "automatic", koma m'kati mwake ndi osiyana. Pali ya mtundu wakale, yomwe imasintha magiya mochita kumveka: yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Yotereyi mumaipeza mu Corolla za chaka cha 2000 mpaka 2006 ndi Passo zoyambirira. Pali ina yotchedwa CVT, yomwe ilibe magiya odumphadumpha koma lamba wachitsulo woyenda pa ma pulley awiri. Yotereyi ili mu Vitz zambiri za kuyambira 2005, Axio, Fielder za kuyambira 2006, Sienta zambiri, Honda Fit ndi Nissan Note. Pa CVT, injini kulira mofanana liwiro likukwera si vuto, ndi mmene inapangidwira. Ndiye pali Honda Fit Hybrid ya kuyambira 2013 mpaka 2020, yomwe ili ndi mtundu winanso, wa makilachi awiri ndi magiya 7. Kampani ya Honda inaitanitsa magalimoto amenewa kangapo ku Japan mu 2013 ndi 2014 kuti ikonze pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa giyabokosiyo. Imeneyi imafuna makaniko woidziwa, osati wongoyerekeza.

Mungadziwe bwanji yanu? Pa Toyota, yang'anani kachitsulo kapena kapepala kolembedwa nambala ya chasisi, pansi pa boneti kapena pa chipilala cha chitseko. Pali polembedwa TRANS/AXLE. Pa magalimoto ang'onoang'onowa, nambala ikayamba ndi K, monga K310 kapena K410, ndi CVT. Ikayamba ndi U, monga U340E, ndi ya mtundu wakale ija. Ijambuleni pa foni. Buku la galimoto likakhala la Chijapani musalitaye, kamera ya Google Translate imawerenga.

Izi n'zofunika chifukwa cha oyilo. Mu giyabokosi ya automatic, oyilo sangofewetsa zitsulo basi. Ndi amene amanyamula mphamvu kuchoka ku injini, ndi amene amakankha makilachi a m'kati kuti giya igwire, ndi amenenso amaziziritsa. Akachepa, akapsa, kapena akakhala wolakwika, zonse zimasokonekera. Ndipo mtundu uliwonse uli ndi oyilo wake. Toyota za mtundu wakale zimamwa ATF T-IV kapena WS, za CVT zimamwa CVT Fluid TC kapena FE. Nissan za CVT zimafuna NS-2 kapena NS-3. Honda Fit za CVT zimafuna HMMF kapena HCF-2, kutengera chaka. Kuthira ATF wamba mu CVT ndi njira yachidule yoiphera, chifukwa lamba uja amayamba kuterereka. Wina akakuuzani kuti "oyilo ndi oyilo, Madam, onse ndi ofiira", tengani makiyi anu muzipita. Mukamagula, gulani chigubu chosatsegula, muwerenge dzina, ndipo athire inu mukuona.

Chachiwiri, phunzirani kufotokoza vutolo. "Ikuchita zinazake" sizithandiza aliyense, ndipo zimapatsa munthu mpata wokulemberani matenda omwe akufuna. Kwa masiku awiri kapena atatu, lembani mu foni. Zimachitika injini ikadali yozizira kapena itatentha? Mukaika pa D kapena R, imatenga masekondi angati kuti igwire? Imagunda polowa giya, kapena injini imalira koma liwiro osakwera? Imanjenjemera ponyamuka kapena muli pa liwiro? Pali nyali yomwe yayaka pa dashibodi? Kanema wa masekondi ochepa wa dashibodi, wojambulidwa ndi mnzanu mwakhala naye, amalankhula kuposa mawu. Mkazi wofika ku galaja n'kunena kuti "ikatentha imachedwa kuchoka giya yachiwiri kupita yachitatu, koma ku R ilibe vuto" amayankhidwa mosiyana kwambiri.

Chachitatu, onani oyilo. Imikani galimoto pamalo athyathyathya itayenda mokwanira kuti itenthe. Kokani handibuleki. Mutaponda buleki, dutsitsani ndodo ya giya pa zilembo zonse pang'onopang'ono, n'kuibweza pa P. Pa Toyota ndi Nissan zambiri injini imakhala ikulira poyeza, pomwe Honda zambiri amaziyeza injini itangozimitsidwa kumene. Mangani tsitsi, chotsani mpango, chifukwa fani ndi malamba a injini sizisankha. Dipstick ya giyabokosi ndi yosiyana ndi ya injini, ndipo nthawi zambiri dzina la oyilo limalembedwa pa chogwirira chake. Sololani, pukutani ndi kansalu koyera, bwezerani, sololaninso. Oyilo afike pakati pa mizere yolembedwa HOT. Wochepa ndi vuto, wopitirira ndi vutonso, chifukwa amachita thovu.

Kenako onani mtundu wake ndi kumununkhiza. ATF wabwino amakhala wofiira, woonekera. Wa CVT amasiyanasiyana, NS-2 wa Nissan ndi wobiriwira. Akada pang'ono, wakalamba, asinthidwe. Akakhala wakuda bii n'kumanunkha ngati nsima yopserera, m'kati mwatentha, makilachi akudyeka. Akaoneka ngati mkaka wosakaniza ndi juwisi wofiira, mwalowa madzi, mwina kudzera pa radiyeta pomwe oyiloyo amakaziziritsidwa, mwina munadutsa m'madzi akuya nthawi ya mvula. Apo musayendenso nayo. Ndipo oyilo wa giyabokosi sapsa n'kutha ngati mmene amathera wa injini yokalamba. Akachepa ndiye kuti akudontha penapake. Ikani katoni pansi pa galimoto usiku, m'mawa muone dontho lili pati. Magalimoto ena atsopanoko alibe dipstick, amayezera pa bawuti ya pansi kapena ya m'mbali oyilo atafika pa kutentha koyenera. Imeneyo ndi ntchito ya ku galaja, koma funsani kuti ayeza bwanji.

Chachinayi, pali matenda ambiri omwe amaoneka ngati a giyabokosi koma si ake. Apa ndi pomwe ambirife timagwiritsidwa fuwa la moto.

Pa ndodo ya giya ya magalimoto akale pali kabatani ka O/D. Mukakadina mwangozi ndi chala kapena chikwama, pa dashibodi pamayaka O/D OFF ndipo galimoto siilowa giya yomaliza. Pa msewu wa M1 injini imalira kwambiri, mafuta n'kumatha msanga. Mankhwala ake ndi kudinanso kabataniko, basi, kwaulere. Koma nyali imeneyo ikamaphethira yokha, kapena chilembo D chikamaphethira pa Honda, ndiye kuti kompyuta yaona vuto ndipo yalisunga.

Ndodo ya giya ikakana kuchoka pa P, musaikoke mwamphamvu. Uzani mnzanu aime kumbuyo muponde buleki. Nyali za buleki zikapanda kuyaka, vuto ndi kaswitchi ka pa buleki kapena fyuzi, chifukwa galimoto siimasula ndodoyo ngati sikudziwa kuti mwaponda buleki. Pafupi ndi ndodoyo pali kabatani kapena kabowo ka shift lock kokuthandizani kuti mufike ku galaja. Galimoto ikakana kulira pa P koma n'kulira pa N, nthawi zambiri ndi switchi yomwe imauza galimoto kuti ndodo ili pati, kapena chingwe cha ndodoyo chasuntha.

Kugunda kuja mukaika pa D kapena R kumachokeranso ku ma mounting, malabala omwe amagwira injini ndi giyabokosi. M'misewu yathu ya maenjeyi amatha msanga. Kunjenjemera pokwera mtunda kungakhale mapulagi kapena koyilo yomwe ikulephera kuyatsa bwino. Batire yofooka, alitaneta yotopa kapena mawaya a dzimbiri zimasokoneza kompyuta mpaka magiya kumasintha mwachisawawa. Sensa ya mpweya ikada, kompyuta imalakwitsa nthawi yosinthira giya. Ndiye pali chizolowezi china chofala m'magalaja athu, chochotsa thermostat ati chifukwa kuno n'kotentha. Toyota zambiri zakale zinapangidwa kuti zisalowe giya yomaliza mpaka injini itatentha mokwanira. Mukachotsa thermostat, injini imachedwa kutentha, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ndiye galimoto imakakamira giya yachitatu. Mwini wake n'kumaganiza kuti giyabokosi yadwala, chikhalirecho chomwe chikusowa ndi kachitsulo kokwana m'dzanja.

Chachisanu, aiike pa kompyuta asanamasule bawuti ngakhale imodzi. Magalimoto amenewa amadziteteza okha. Kompyuta ikaona chachilendo, imatsekera giyabokosi pa giya imodzi, kawirikawiri yachitatu, kuti mungofika pamalo otetezeka. Galimoto imanyamuka molemera ngati yanyamula matumba a simenti, ndipo n'zoopsadi kwa woyendetsa. Koma nthawi zambiri choyambitsa ndi kasensa, waya woduka kapena solenoid, kavalavu ka magetsi komwe kamatsegula ndi kutseka njira za oyilo. Makina owerengera amatulutsa ma code. P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, pafunika kufufuzabe. P0715 ndi P0720 zimaloza ku masensa a liwiro. Zoyambira P0750 mpaka P0770 zimaloza ku ma solenoid. P0741 imakhudza kilachi ya mu torque converter, chigawo cholumikiza injini ndi giyabokosi. Jambulani ma code pa foni asanawafufute, chifukwa kufufuta code si kukonza. Dziwaninso kuti timakina totchipa tina sitiwerenga bwino magalimoto opangidwira msika wa ku Japan. Akakuuzani kuti "sikuonetsa kalikonse" nyali ikuyaka, kayeseni kwa wina wa makina abwino. Ndipo code imangoloza dera, siitchula mlandu wonse. Makaniko wabwino amayezabe waya ndi pulagi yake asanakugulitseni sipeyala.

Nanga ikafadi? Zizindikiro zake zilipo. Oyilo ali pa mzere woyenera, ndi wa mtundu woyenera, magetsi ali bwino, komabe ikuterereka. Oyilo wanunkha kupsa. Atamasula chibeseni cha pansi, mwapezeka tizidutswa ta zitsulo tonyezimira. Phala lotuwa losalala pa maginito a m'chibesenimo ndi lachibadwa pa galimoto yakale, koma tizidutswa ayi. Pa CVT, kulira kwa mluzu komwe kukukulirakulira pamodzi ndi kuterereka si nkhani yabwino. Pemphani kuti akuonetseni ndi maso anu. Ndalama ndi zanu, muli ndi ufulu woona.

Zikafika pogula giyabokosi ina yogwiritsidwa kale ntchito, nambala yake ifanane ndi ija munajambula. Funsani kuti akukupatsani masiku angati oti ikavuta muibweze, ndipo zilembedwe pa lisiti, osati pakamwa. Athire oyilo watsopano woyenera, atsuke mapaipi opita ku radiyeta kuti zinyalala za yakale zisaphe yatsopano. Yakaleyo ndi yanu, itengeni. Wina akakuberani poyera, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma adzafuna umboni. N'chifukwa chake lisiti ndi mauthenga a pa WhatsApp tisamazitaye.

Tivomerezenso kuti nthawi zina timaipha tokha, poti palibe anatiphunzitsa. Kuchoka pa R kupita pa D galimoto ikadali kuyenda kumaidya pang'onopang'ono. Imani kaye. Poimika pa mtunda, kokani handibuleki musanaike pa P, kuti kulemera kwa galimoto kusagwere pa kachitsulo kakang'ono ka m'bokosi. Chija choika pa N potsetsereka ati kupulumutsa mafuta, chisiyeni. Tikudziwa mmene mizere ya pa filing'i imawawira, koma magalimoto amenewa amadula okha mafuta mukachotsa phazi pa moto muli pa D, pomwe pa N injini imamwabe. Komanso pa N mabuleki amasenza okha katundu yense. Potsika ku Chikwawa, ku Golomoti kapena pa Chiweta, gwiritsani ntchito 2, L, S kapena B, malinga ndi zomwe zili pa galimoto yanu, kuti injini ithandize mabuleki. Automatic siilira ndi kukankha, musavutitse anyamata a m'mbali mwa msewu. Ikafa, musaikoke ndi chingwe mtunda wautali, chifukwa pampu ya oyilo imayenda ndi injini, ndiye zitsulo zimazungulira zouma. Matayala okoka anyamulidwe, kapena galimoto yonse ikwere pa lole. Ikatitimira m'matope, kupondereza moto kwa nthawi yaitali kumawiritsa oyilo.

Za kusintha oyilo, amakaniko ambiri amalangiza pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000 pa galimoto yoyenda m'fumbi, m'kutentha ndi m'midipiti ngati kwathu kuno. Vuto la ma ex-Japan ndi lakuti mbiri yake sitiidziwa, ndiye muyeze oyilo mukangoigula. Ngati ndi wakale kwambiri, njira yofatsa ndi kukhetsa yemwe angatuluke, kuthira watsopano, kuyenda milungu ingapo, n'kubwerezanso. Kukhetsa kamodzi sikutulutsa yense. Kutsuka ndi makina a mphamvu giyabokosi yomwe sinasinthidwepo oyilo kwa zaka zambiri kumatha kutakasa zinyalala n'kuziika m'tinjira ting'onoting'ono. Ndipo oyilo watsopano sadzutsa makilachi omwe anapsa kale, wina asakunamizeni.

Tikumva wina akuti, "Aaa, mesa ndimalipira makaniko kuti ine ndisavutike ndi zimenezi?" Zoona, ndipo sitikunena kuti tonse tivale ovolosi. Ngakhale kuchipatala sitidzipanga tokha opaleshoni, koma timafunsa kuti apeza chiyani, ayeza chiyani, ndipo mankhwalawo ndi a chiyani. Ku galaja n'chimodzimodzi. Mafunso ake ndi anayi okha: oyilo ali bwanji, code ndi iti, mwayeza chiyani, ndipo ndingaone? Makaniko wokhulupirika sakwiya nawo, ambiri amasangalala kufotokoza. Wokwiya wakuuzani kale zonse zomwe mumafuna kudziwa za iye. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Winanso akuti, "Bwanji osangotuma achimwene kapena abwenzi?" Ngati alipo ndipo amazidziwa, palibe cholakwika. Koma kukhala mwamuna si satifiketi ya umakaniko. Nawonso amaberedwa, kungoti sanena. Ndipo galimoto ikakakamira pa P usiku mutatuluka ku ntchito mochedwa, achimwenewo sakhalapo. Kudziwa pomwe pali kabatani ka shift lock ndi kumene kungakuchotseni pamalo amdima. Kwa ife, galimoto yoyenda bwino si ulemerero chabe. Ndi bizinesi, ndi sukulu ya ana, ndi kufika kunyumba tili bwinobwino.

Amatiseka kuti automatic ndi galimoto ya azimayi. Chabwino, tavomera. Ndiye tiidziwe bwino kuposa iwowo. Ndipo kwa ang'ono athu omwe akusankha zochita akamaliza Fomu 4: m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA muli maphunziro a umakaniko, ndipo magalimoto a masiku ano akufuna mutu wodziwa magetsi ndi kompyuta kuposa mphamvu za m'manja. Tikufuna tsiku lina tizikapeza inuyo ku galaja.

Loweruka likubwerali, tsegulani boneti. Pezani kachitsulo kaja, jambulani nambala, pezani dipstick, nunkhizani oyilo. Sizitenga mphindi 15. Mukatero muonetseko mnzanu yemwe wangogula kumene ka Vitz kake. Ndipo tsiku lomwe adzakufunseni kuti "Abambo ali kuti?", mudzayankhe mwaulemu wonse: "Mwini galimoto ndine, achimwene. Tiyeni tiyambe taona oyilo."